Kawailesi ka memory card kapena Victor Reader: wosaona agule chiti?

Pamabenchi a ogulitsa zamagetsi mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe pamadzaza tiwailesi tolowetsa memory card ndi flash. Achibale a munthu wosaona akafuna kumugulira chomverapo mabuku, nthawi zambiri amathera pa timeneti poti mtengo wake ndi wofikirika. Ena amene ali ndi mwana ku Johannesburg kapena ku London amamva za Victor Reader Stream, makina a kampani ya HumanWare ya ku Canada, amene mtundu wake wachitatu unatuluka mu 2023 pa mtengo woposa madola 500 a ku America. Mitengo iwiriyi inatalikirana kwambiri, choncho anthu amaona ngati nkhani yonse ili pa thumba. Komatu ndalama zambiri zimalowa m'madzi chifukwa wogula sanayambe wafunsa kuti mabukuwo azichokera kuti, nanga azibwera ali mumtundu wanji wa fayilo.

Victor Reader sinakwere mtengo pachabe. Ndi yaing'ono ngati foni ya mabatani, mabatani ake amamveka bwino m'zala, ndipo imalankhula chilichonse chimene mwini wake wadina. Imakumbukira pamene munthu analekezera m'buku lililonse, imalola kuika zizindikiro, komanso imafulumizitsa kapena kuchedwetsa mawu popanda kuwaononga. Koposa zonse imawerenga mabuku a DAISY, amene anakonzedwa moti munthu angathe kudumpha kupita pamutu wakutiwakuti kapena patsamba lakutilakuti, monga amachitira woona akamavundukula buku. Kwa wophunzira wa ku sekondale kapena ku yunivesite, amene mphunzitsi wamuuza kuti atsegule tsamba 112, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Koma pali chimodzi chimene wotumiza katunduyo ali kunja sangachiganizire. Mawu amene makinawa amawerengera zolembedwa ndi a Chingelezi, Chifalansa ndi zinenero zina zoterozo. A Chichewa mulibe. Mawu a Chingelezi akakumana ndi ng'ombe kapena ntchentche, zotulukazo ngakhale mwana amaseka. Agogo amene akufuna Baibulo, ulaliki ndi malangizo a ulimi m'Chichewa adzadalirabe mawu ojambulidwa ndi munthu, ndipo kuwagulira makina a madola 500 ndi kulipirira zinthu zambiri zimene sadzazigwiritsa ntchito. Wogula afunsenso kuti makinawo akadzaonongeka adzawakonza ndani.

Foni yamakono ili pakatikati. Ya Android ili ndi TalkBack, iPhone ili ndi VoiceOver kuyambira 2009, ndipo zonsezi zimabwera kale m'foni popanda kulipira. Achinyamata ambiri osaona amazidziwa bwino. Vuto lake ndi galasi losalala lopanda pogwira, batire yosachedwa kutha pamene magetsi ali ozimazima, ndi akuba m'madepoti.

Ndiye kwa anthu ambiri kawailesi kaja n'kokwanira, bola kayesedwe ndi mwini wake asanalipire, osati ndi mdzukulu amene akuona. Wogulitsa wanzeru apereke kawailesiko m'manja mwa kasitomala, amusiye apeze yekha batani loyatsira, loimitsira ndi lopitira kutsogolo. Kenaka aseweretse fayilo yaitali kwa mphindi zingapo, azimitse, ayatsenso. Ngati kayambiranso pachiyambi, kasiyidwe. Nyimbo ya mphindi 4 kuyambiranso palibe amadandaula, koma buku la maola 9 n'kutaya nalo mtima.

Mbali imene ambiri amagwa nayo ndi ya mafayilo, ndipo apa ndi pamene anyamata a m'ma burning centre angapezepo makasitomala okhazikika. Tiwailesi tambiri timadziwa MP3, tina n'kuonjezerapo WAV. Koma mawu otumizidwa pa WhatsApp amakhala a Opus, ojambulidwa pa iPhone amakhala a M4A, ndipo mafoni ena akale amajambula AMR. Munthu amakopera zonsezi pakhadi, kawailesi n'kukhala duu, iye n'kubwerera kumsika kukakalipira wogulitsa kuti wamugulitsa chakufa, pamene cholakwika ndi fayilo. Kungosintha dzina kuti lithere ndi mp3 sikuthandiza kanthu. Pamafunika kuisintha zenizeni pakompyuta, ndipo VLC ndi Audacity, mapulogalamu aulere, amagwira ntchitoyi.

Posinthapo pali masamu oyenera kuwadziwa. Mawu a munthu wolankhula safuna mlingo wa nyimbo. MP3 ya mono pa 64 kbps imadya pafupifupi 29 MB pa ola limodzi, kutanthauza kuti khadi ya 8 GB ingasunge maola oposa 250. Pa 128 kbps malowo amatha mowirikiza kawiri, chikhalirecho khutu silimva kusiyana kwenikweni pa kasipika kakang'ono. WAV ya mlingo wa CD imadya pafupifupi 635 MB pa ola, moti khadi yomweyo imadzaza ndi maola 12 okha. Ndipo poti kusintha kulikonse kuchoka ku Opus kapena M4A kupita ku MP3 kumachepetsako ubwino wa mawu, fayilo yoyambirira isungidwe, ndipo asamasinthe yosinthidwa kale.

Luso lenileni lili pa kadulidwe. Buku lisaikidwe ngati fayilo imodzi yaitali. Lidulidwe mutu ndi mutu, kapena mphindi 10 mpaka 15 chidutswa chilichonse, kuti batani lopitira kutsogolo ligwire ntchito ngati kutembenuza tsamba. Maina ayambe ndi 001, 002, 003, chifukwa 1, 2, 10 amasokonezeka, mutu 10 n'kubwera mutu 2 usanafike. Tiwailesi tina sititsata n'komwe maina koma ndondomeko imene mafayilo analowera pakhadi, choncho ndi bwino kukopera motsatana pakhadi yopanda kanthu. Wokonza akajambulanso mawu achidule kumayambiriro kwa chidutswa chilichonse onena dzina la buku ndi mutu wake, wapatsa womvera chimene sikirini ikanamuuza. Nyimbo zikhale pakhadi ina, yoikidwa chizindikiro chomveka m'zala monga kachidutswa ka tepi pachikwama chake.

Buku la DAISY lokha lisakhudzidwe. Mkati mwa foda yake muli ma MP3 ndi timafayilo tina tooneka ngati topanda ntchito, koma timeneto ndi timene timasunga mitu ndi masamba. Wozifufuta pofuna kusunga malo wasandutsa buku la mwana wasukulu kukhala kaseti wamba. Foda ikoperedwe yonse. Mabuku ogulidwa ku Audible nawo ndi okiyidwa, sangasewere pa kawailesi, ndiye wamalonda asalonjeze zimene sangathe.

Pa makhadi, yoposa 32 GB imabwera mu exFAT, imene tiwailesi tambiri sitiiwerenga, pamene yochepera apo imakhala mu FAT32. Makhadi achinyengo olembedwa kukula kwabodza aliponso. Njira yowagwirira ndi kudzaza khadiyo kenaka kuseweretsa mafayilo oyambirira ndi omalizira.

Pali malire a lamulo. Pangano la Marrakesh la 2013, limene dziko la Malawi linalowamo mu 2017, limalola mabungwe ovomerezeka kukonza mabuku m'njira yoti osaona awerenge ndi kugawana ndi maiko ena, koma osati kuchita nawo malonda. Wa burning centre alipiritse ntchito yosintha, kudula ndi kusanja mafayilo amene kasitomala wabwera nawo, osati kugulitsa mabuku a eni. Ndipo banja lisanatumize ndalama kunja, lifike kaye ku Malawi Union of the Blind kapena kwa mphunzitsi wa ana osaona pasukulu yapafupi, likafunse mtundu wa mafayilo amene mabuku opezeka kuno alimo.