OYESA ZOMANGIRA ACHOKERENSO KU MWANZA

Munthu amene waima pa chipata cha Mwanza kwa tsiku limodzi lokha safunanso kuuzidwa kuti dziko lino likumanga. Kuyambira m'mamawa kufikira madzulo, magalimoto akuluakulu ochokera ku doko la Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa amaoloka malire kuchokera ku Zobue atasenza zitsulo, malata, mapaipi, mawaya a magetsi, utoto ndi matailosi. Katundu ameneyu ndiye amakasanduka midadada ya sukulu, zipatala, milatho ndi nyumba za anthu m'maboma onse a dziko lino. Tsono ife tili ndi mafunso awiri oti akuluakulu a boma ndi aphunzitsi awalingalire. Kodi ndani amene amatsimikiza kuti katunduyu ngolimba monga mmene wogulitsa akunenera? Nanga mwa anthu ogwira ntchito imeneyi, ndi angati amene adaphunzira m'sukulu za ku Mwanza?

Ntchito yoyesa zomangira siyachilendo m'Malawi. M'chaka cha 1972, pamene ntchito yomanga likulu latsopano ku Lilongwe idali pakati, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la Malawi Bureau of Standards kuti lidziika miyezo ya katundu, kumuyesa ndi kupereka chidindo kwa amene wakwaniritsa miyezoyo. Likulu la bungweli lili mu mzinda wa Blantyre, koma antchito ake ena amakhala m'zipata za m'malire, ndipo Mwanza ndi chimodzi mwa zipatazo. Unduna woona za ntchito za boma uli ndi labotale yake yaikulu ku Lilongwe, yotchedwa Central Materials Laboratory, kumene amayesa dothi, miyala, phula ndi konkire. M'chaka cha 1996 lamulo lina lidakhazikitsa National Construction Industry Council kuti ilembe m'kaundula makontirakitala ndi kuyang'anira khalidwe lawo. Malamulo alipo, mabungwe aliponso. Koma lamulo siligwira sikelo, ndipo bungwe silitsika m'dzenje la maziko. Zimenezi zimafuna munthu wophunzitsidwa bwino, wamaso akuthwa ndi wa mtima woongoka.

Nkofunika kuti aphunzitsi adziwe chimene munthu ameneyu amachita, pakuti sangalangize ana za ntchito imene iwo eni sakuidziwa. Titenge thumba la simenti la makilogalamu 50. Pa thumbali pamalembedwa nambala, kawirikawiri 32.5 kapena 42.5. Nambalayi si dzina ayi, koma ndi lonjezo la wopanga lakuti simentiyo ikasakanizidwa ndi mchenga ndi madzi motsata muyezo, idzafika pa mphamvu yakutiyakuti pakatha masiku 28. Woyesa ndiye amaona ngati lonjezolo ndi loona. Pa malo omangapo, iye amatapa konkire ikadali yaiwisi naithira m'chikombole chachitsulo cha mamilimita 150 mbali zonse. Ikauma amaisunga m'madzi, ndipo pa tsiku la 7 ndi la 28 amaiika m'makina amene amaipsinja kufikira itasweka. Nambala imene makinawo aonetsa ndiyo imanena ngati mzati wa mlatho udzapirira kapena ayi.

Chimodzimodzinso zitsulo zoika m'konkire. Woyesa amadula chidutswa, nachikoka ndi makina mpaka chiduke, china nachipinda kuti aone ngati sichichita ming'alu. Malata amawayeza kuchindikala kwake, pakuti pa geji ya malata nambala ikamakula lata limapyapyala, kotero kuti wogula amene walipira geji 28 koma napatsidwa geji 32 waberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Pa msewu, woyesa amakumba kadzenje m'dothi limene lapsinjidwa kale naliyeza kulemera kwake, kuti adziwe ngati latsendereka mokwanira asanathirepo phula. Zonsezi maso okha sangazione. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo buloko yosalala bwino ikhoza kukhala mchenga wokhawokha wonunkhizidwa simenti.

Pamwamba pa kuyesa palinso ntchito yopereka ziphaso. Woyendera mafakitale amapita kumene kukupangidwa simenti, malata kapena mabuloko, amaona kapangidwe kake, amatenga zitsanzo, ndipo zikapambana mayeso fakitaleyo imaloledwa kuika chidindo cha miyezo pa katundu wake. Woyendera wa pa chipata amaona zikalata za katundu wolowa natenga zitsanzo zoti zikayesedwe. Palinso oona za miyeso, amene amaonetsetsa kuti masikelo ndi makina oyesera akunena zoona, pakuti sikelo yabodza imanamiza ngakhale munthu wolungama. Malabotale nawonso amayesedwa. M'chigawo chino cha kummwera kwa Africa muli bungwe la SADCAS, limene likulu lake lili ku Gaborone, lomwe limaunika malabotale potsata muyezo wa ISO/IEC 17025 kuti zotsatira zawo zikhulupirike ngakhale kunja kwa dziko. Izi zitanthauza kuti mwana amene waphunzira bwino luso limeneli ali ndi ntchito imene imadziwika ku Lusaka, ku Tete ndi ku Johannesburg komwe.

Ena anganene kuti nkhani imeneyi ndi ya mainjiniya, ndipo siikhudza mphunzitsi wa ku Thambani kapena mlembi wa ku khonsolo. Amenewa akumbukire zimene tadutsamo. M'mwezi wa March 1989 chivomezi chidagwedeza Salima, ndipo m'mwezi wa December 2009 zivomezi zidagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. M'chaka cha 2019 kudagwa namondwe wa Idai. M'mwezi wa January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkukhala mu mdima kwa miyezi yambiri. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, nakokolola milatho, misewu ndi nyumba, ndipo boma la Mwanza lidali m'gulu la maboma okhudzidwa. Sitikunena kuti chilichonse chimene chidagwa chidamangidwa mwachinyengo, pakuti madzi ena saletseka. Koma tikunena kuti pamene chivomezi kapena namondwe wafika, iye ndiye amayesa zimene ife tidalephera kuyesa, ndipo malipiro ake amatenga miyoyo. Denga likasasuka pa mdadada wa sukulu, amene ali pansi pake ndi mphunzitsi ndi ana ake.

Palinso nkhani ya chuma. Ndalama zimene makhonsolo amamangira midadada, zimbudzi ndi timilatho ta m'midzi ndi za misonkho ya anthu, zina ndi ngongole imene adzabweze ndi adzukulu athu. Mlatho umene wakokoloka mvula yachiwiri yokha umalipiridwa kawiri, ndipo ndalama zachiwirizo zikadagula mabuku kapena mankhwala. Kuonjezera apo, m'chaka cha 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Chiyambire nthawi imeneyo oumba mabuloko a simenti achuluka m'mbali mwa misewu yathu. Ichi nchabwino, koma thumba limodzi la simenti likhoza kutulutsa mabuloko ochepa olimba kapena ambiri onyenyeka, ndipo woumba wofuna phindu la msanga amadziwa njira imene angasankhe. Mabuloko akachuluka, oyesa mabuloko ayeneranso kuchuluka.

Nanga nchifukwa ninji tikutchula Mwanza makamaka? Boma limeneli, lomwe lidagawanika ndi Neno m'chaka cha 2003, lidali ndi anthu oposa 130,000 pa kalembera wa 2018, ndipo limadziwika ndi manachesi ake. Komatu ndi maboma ochepa amene aona zomangamanga zikuluzikulu monga zimene Mwanza waona. Kuyambira m'chaka cha 2012 kampani ya Vale idamanga njanji yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kudutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya, ulendo wa ku doko la Nacala, ndipo njira yonseyo idatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2017. Pambuyo pake padadza ntchito ya mawaya a magetsi ochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka, kudzeranso m'Mwanza momwemo. Pa ntchito zotere palibe mzati umene umaima popanda konkire yake kuyesedwa, palibenso mtumbira wa njanji umene umavomerezedwa popanda dothi lake kupimidwa. Tidzifunse moona mtima: pamene ntchito zimenezi zinkadutsa pakhomo, ana athu adali kuti? Ngati ambiri adangogwira fosholo ndi wilibala, pamene ogwira makina oyesera adachokera kutali, tisaloze chala mlendo. Tidzifunse ngati tidawakonzekeretsa.

Njira yolowera ntchito imeneyi siyobisika. Imayambira m'kalasi, pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri, pamodzi ndi Chingerezi cholembera malipoti omveka. Mwana amene wakhoza bwino mayeso a MSCE akhoza kupita ku Malawi University of Business and Applied Sciences mu Blantyre, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic kufikira idaima payokha m'chaka cha 2021, kukaphunzira uinjiniya wa zomangamanga. Kuchokera pa Mwanza kukafika kumeneko ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha. Wina akhoza kupita ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, imene idatsegula zitseko zake m'chaka cha 2014. Amene sadapeze malo ku yunivesite asataye mtima. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limayendetsa maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha gawo limodzi pa magawo 100 alionse a malipiro a antchito awo kuti maphunzirowa apitirire. Mmisiri womanga amene wadutsa m'makoleji amenewa amadziwa kale kasakanizidwe ka konkire, kotero savuta kuphunzitsa za mu labotale. Ndipo pa ntchito yaikulu iliyonse ya msewu pamakhala labotale ya pamalopo, imene imafuna othandiza kutapa zitsanzo, kusefa miyala ndi kulemba manambala. Wachinyamata wakhama akhoza kuyambira pamenepo nakwera pang'onopang'ono.

Kotero pempho lathu loyamba likupita kwa aphunzitsi. Mmera mpoyamba. Mwana wa Fomu 2 amene akufuna kusiya fizikisi chifukwa anzake amuuza kuti ndi yovuta, muitaneni pambali mumuuze za ntchito imeneyi. Mwana wa ku Mwanza amakula akuona anzake akupeza ndalama za tsiku ndi tsiku posintha ndalama pa chipata, potsitsa katundu kapena poyendetsa kabaza, ndipo nkosavuta kuganiza kuti sukulu ndi yochedwetsa. Muonetseni kuti pa chipata chomwecho pali wina amene amaima ndi cholembera, ndipo galimoto ya matani ambiri imadikira mawu ake. Atsikana asasiyidwe m'mbuyo, pakuti ntchito imeneyi siifuna mphamvu za m'mapewa koma kudekha ndi kusamala. Phunziro la kuyeza kulemera ndi kukula kwa zinthu lingathe kuphunzitsidwa ndi buloko ziwiri, sikelo ndi ndowa ya madzi, ngakhale pa sukulu yopanda labotale.

Pempho lachiwiri likupita kwa akuluakulu a ku khonsolo ndi a m'maunduna. Musasaine chikalata cholipira kontirakitala musanaone zotsatira za mayeso a zomangira. Ndalama zoyesera zilembedwe m'mapangano kuyambira pachiyambi, zisakhale chinthu chokumbukira khoma litang'aluka. Pamene mukupangana ndi makampani odzagwira ntchito zikuluzikulu m'bomalo, pemphani kuti ena mwa malo a ophunzira ntchito mu labotale apatsidwe kwa achinyamata a m'deralo amene ali ndi maphunziro oyenera. Zidziwitso za malo a maphunziro zisathere pa bolodi la ku boma. Zifike kwa mafumu a madera a Kanduku, Nthache ndi Govati, zilengezedwe m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa misonkhano ya makolo. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza tili ndi mawu kwa achinyamata eni ake. Ntchito imeneyi ili ndi mayesero. Lidzafika tsiku limene konkire idzalephera mayeso, ndipo wina adzakuitanirani kuseri kuti musinthe nambala imodzi yokha. Tsiku limenelo mudzakumbukire kuti pansi pa denga limenelo padzakhala mng'ono wanu, ndipo pa mlatho umenewo padzaoloka amayi anu popita ku chipatala. Dipuloma imapereka luso, koma kukhulupirika ndi kusunga mwambo munthu amachoka nazo kwawo. Woyesa wolandira chiphuphu ndi woopsa kuposa kusakhala ndi woyesa, chifukwa amaika chidindo cha boma pa bodza.

Mwanza wakhala chipata cha dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo katundu wa zomangamanga adzapitiriza kudzera pamenepo. Ife tikuti nthawi yakwana yakuti bomali lisamangotsegulira katunduyo njira, koma litulutsenso ana ake odziwa kumuyesa. Ntchito imeneyi iyambe ndi mphunzitsi m'kalasi ndi mkulu wa boma pa tebulo lake, ndipo iyambe chaka chino.