Walira Mvula Walira Matope: Za Makina Osefa Magazi

Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu amene dzulo amalima, lero malungo, kolera kapena kutaya magazi pobereka zamugwetsa, impso nazo zaima mwadzidzidzi. Mkodzo ukungodontha, mapazi atupa, akubanika chifukwa madzi adzaza m'mapapo. Zikafika apa, makina a dialysis, monga ali ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, amapulumutsadi moyo. Amachotsa madziwo, zoipa za m'magazi ndi mchere wa potassium umene ukachuluka umaimitsa mtima, kufikira impso zitadzuka.

Koma ana anga, pakhonde la chipatala mumamveka achibale akuchonderera: "Adokotala, muikeni pamakina tsiku lililonse, achire msanga." Chikondi chawo ndimachimvetsa, ndipo madokotala ambiri kale ankaganizanso choncho. Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America wotsogoleredwa ndi Paul Palevsky, wa odwala mwakayakaya 1,124. Ena anasefedwa magazi mowirikiza, mpaka kasanu n'kamodzi pa sabata, ena katatu. Pofika masiku 60, mwa owirikizawo anamwalira 53.6 pa 100 alionse, mwa enawo 51.5. Chaka chotsatira, kafukufuku wa ku Australia ndi New Zealand, wa odwala oposa 1,400, anapeza zomwezo: 44.7 pa 100 uku ndi uku.

Walira mvula walira matope. Makina akamakoka madzi mwachangu, BP imagwa, ndipo impso yodwala kale ikasowa magazi imavulalanso. Sasankhanso chochotsa. Amatenga mchere wa phosphate, umene ukachepa minofu yopumira imafooka, amakokanso ena mwa mankhwala opha tizilombo amene wodwala wangobayidwa kumene. Kachubu kolowetsedwa mumtsempha wa pakhosi nako kamatsegulira matenda njira yolowera m'magazi. Ngakhale kuyamba mopupuluma kulibe phindu lililonse: pa kafukufuku wa ku France wa mu 2016, pafupifupi theka la odwala amene madokotala anayamba awaonerera kaye sanaikidwe n'komwe pamakina, ndipo imfa sizinachuluke.

Choncho dokotala akati, "Lero tidikire," musathamangire kuganiza kuti akumanani. Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu kuti mkodzo watuluka wochuluka bwanji, potassium ali pati, nanga n'chiyani chingawachititse kumuika pamakina usiku womwewo.

Kumene sindilola kudikira ndi kunyumba. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Wotsegula m'mimba mumwetseni Thanzi ORS kuyambira ola loyamba. Musamupatse Brufen kapena diclofenac thupi litauma, ngakhale zitsamba zosadziwika muyezo wake, chifukwa zimenezi zimamaliza impso. Ukatha usana wonse asanakodze, kapena akungotulutsa timadontho takuda, musayembekezere kuti kuche: pezani njinga kapena galimoto, mupite naye kuchipatala ndipo mukanene mosabisa mankhwala onse amene wamwa.