Lamya ndi Mafupa Othyoka ku Karonga

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 adziwa kuti kuchokera pa boma la Karonga kufika ku chipatala chachikulu cha Mzuzu pali mtunda woposa makilomita 200, ndi kuti pakati pake pali chikweza cha Chiweta. Munthu wothyoka mwendo pa njinga yamoto ya kabaza ku Kaporo kapena ku Chilumba amva dzenje lililonse la msewuwo m'fupa lake. Tsono tifunse: ayenera kupita ku Mzuzu ndani, wodwalayo kapena chithunzi cha fupa lake?

Owerenga athu akumbukire kuti dziko lino linaona kale kuchepa kwa madokotala a mafupa. M'chaka cha 1985 Dr Edward Blair anayamba maphunziro a miyezi 18 ophunzitsa athandizi a madokotala kuwongola mafupa, kuika chikhakha ndi kutsuka mabala, kuti akagwire ntchito m'zipatala za m'maboma. Anthu amenewa ndiwo asamala ovulala ambiri a kumidzi kufikira lero. Vuto lawo n'lakuti agwira ntchito paokha, kutali ndi wowafunsa nzeru.

Apa ndi pamene lamya ya m'manja ilowa. M'chaka cha 2018, pansi pa ntchito ya SURG-Africa, zipatala za m'maboma a kummwera zinalumikizidwa pa WhatsApp ndi akatswiri a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Wa pa boma ankatumiza chithunzi ndi mbiri ya wodwala, katswiri n'kuyankha: muchize komweko motere, kapena mutumize msanga. Ena mwa odwala amene akadakwera ambulansi anachizidwa kwawo, pafupi ndi abale owaphikira. Phindu lina, limene ife tiliona lalikulu koposa, n'lakuti yankho lililonse linali phunziro kwa onse owerenga m'gulumo. Palibe sukulu yotsika mtengo kuposa imeneyo, ndipo Karonga aisowa koposa maboma oyandikana ndi Blantyre.

Koma tisanyengane. Lamya inyamula maso a katswiri, siinyamula manja ake. Makina ojambulira mafupa akafa, kapena magetsi akazima, palibe chithunzi choti n'kutumiza. Fupa likaboola khungu, wodwala asowa mankhwala opha tizilombo m'maola oyamba ndi kutsukidwa bala bwino lomwe. Zimenezi uthenga wa pa lamya sungachite. Ndipo chithunzi cha wodwala n'chinsinsi chake, sichoyenera kuyendayenda m'malamya a anthu wamba.

Boma lathu linaonetsa kale kuti lingathe kulandira ntchito yotere, pamene linatenga Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, n'kuchifikitsa dziko lonse. Chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2023. Chotsala n'kuika katswiri wodikira mauthenga a kumpoto usana ndi usiku, ndi kulipira intaneti ya wa pa boma, kuti asamagule ndi ndalama za m'thumba mwake.