Nkhawa ikakusokeretsani, tsatani mtsinje

Pa 24 Disembala 1971, ndege ya kampani ya LANSA inanyamuka mumzinda wa Lima m'dziko la Peru ulendo wa ku Pucallpa itanyamula anthu 92. Ili m'njira inalowa mumvula yamkuntho, mphenzi inaomba phiko, ndegeyo n'kusweka ili m'mwamba. Mtsikana wa zaka 17, Juliane Koepcke, anagwa kuchoka pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000 atamangiriridwa pampando wake, nakafikira pakati pa nkhalango ya Amazon. Mwa onsewo ndi iye yekha amene anatulukamo ndi moyo. Mayi ake, omwe anakhala naye moyandikana, anatsalira komweko.

Ambiri amati nkhaniyi ndi chozizwitsa, ndipo sinditsutsa. Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi zomwe mwanayu anachita m'masiku 11 otsatira. Atatsitsimuka anapeza kuti fupa la pakati pa khosi ndi phewa lathyoka, pamkono pali bala lakuya, magalasi ake atayika, ndipo watsala ndi nsapato imodzi. Chakudya chake chinali kathumba ka maswiti komwe anatola pa zidutswa za ndege. Ndege zofufuza ankazimva zikudutsa, koma mitengo inali yowirira moti palibe akanamuona.

Makolo ake anali akatswiri a zamoyo zam'tchire, ndipo mu 1968 anatsegula malo ofufuzira otchedwa Panguana m'nkhalango yomweyo. Bambo ake, a Hans-Wilhelm Koepcke, anamuphunzitsa kuti ukasokera upeze madzi oyenda ndipo uwatsate kumene akulowera, chifukwa kakhwawa kamathira mumtsinje, ndipo m'mphepete mwa mtsinje simulephera anthu. Juliane anamva kamadzi kakuyenderera, nakatsata. Poti sankaona bwino, ankayamba waponda ndi phazi lokhala ndi nsapato lija poopa njoka. Pamene madzi anakula, ankawoloka, kusambira, kapena kungoyandama. Mphutsi zinalowa m'bala lija. Atafika pomwe panali bwato ndi kachisakasa, anakumbukira momwe bambo ake anachiritsira galu wawo ndi palafini, ndiye anathira petulo pabalapo mphutsi n'kutuluka. Bwatolo sanalitenge chifukwa sanafune kuba. Anadikira mpaka eni ake anamupeza pa 3 Januwale 1972.

Tsono mufunsa kuti izi zikukhudzana bwanji ndi mayi wa ku Ndirande amene tulo sakutiona chifukwa cha lendi, fizi ya mwana ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Zikukhudzana kwambiri. Thupi la munthu silisiyanitsa pakati pa kambuku ndi foni ya landilodi: mtima umagunda, mpweya umaperewera, m'mimba mumawira, maganizo amathamanga. Ndipo wosokera ndi wankhawa amalakwitsa mofanana. Mu 2009 ofufuza a ku Max Planck Institute ku Germany, motsogozedwa ndi Jan Souman, anatuma anthu kuti ayende molunjika m'nkhalango kwa maola angapo akuwatsata ndi GPS. Omwe anayenda dzuwa likuoneka analunjikadi. Omwe anayenda kuli mitambo anazungulirazungulira, ena mpaka kudutsanso pomwe anadutsa kale, chonsecho iwo akukhulupirira kuti akupita patsogolo.

Ndi mmene kuganiza kwambiri kumachitira. Pakati pa usiku mumayambira pa lendi, kuchoka apo pa ntchito, pa matenda a mayi kumudzi, pa mtengo wa feteleza, tambala akamalira mwabwereranso pa lendi. Mwatopa ngati mwalima, koma simunasunthe. Mutu wokha, popanda chinthu chakunja choulondolera, supita kutali. Juliane anali ndi mantha ngati wina aliyense, ndiponso chisoni. Chomwe anali nacho choposa ndi chinthu chimodzi chodalirika choti achitsate, ndipo sanachisiye ngakhale patadutsa masiku osaona munthu.

Ophunzitsa za kupulumuka m'tchire amati chinthu choyamba ukazindikira kuti wasokera ndi kuima, kukhala pansi, kumwa madzi ngati alipo. Kuthamanga kumangokulowetsa mkati. Nthawi zambiri amalangiza kuti ungokhala pomwepo kuti ofufuza akupeze, koma Juliane anayenda chifukwa ankaidziwa nkhalangoyo komanso anaona kuti kumwamba sangamuone. Akuluakulu athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kumeneku kumayambira m'thupi: kokani mpweya pang'onopang'ono, muutulutse motalikirapo kuposa mmene munaukokera, kangapo. Mtima umatsika. Musamange mfundo, musayankhe uthenga, musapite kwa akatapila mtima uli m'mwamba.

Amaphunzitsanso kusanja mavuto potengera lomwe lingakuphe msanga: munthu sapirira kupitirira mphindi zitatu popanda mpweya, masiku atatu popanda madzi, masabata atatu popanda chakudya. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma nzeru yake ndi yoona. Wosokera amene akudandaula za njala pomwe alibe madzi wasemphanitsa. Nkhawa imasonkhanitsa mavuto onse pamodzi ndi kuwaonetsa ngati onse ndi a lero. Tengani pepala muwalembe. Mudzaona kuti lina ndi la mawa, lina la mwezi wamawa, lina silili m'manja mwanu n'komwe. La mawalo ndiye mulipezere chochita chimodzi: kukaonana ndi a hedi kuti fizi mulipire mwapang'onopang'ono, kuimbira landilodi iye asanakuimbireni.

Ndinenenso chimene ambiri amachilumpha akamafotokoza nkhaniyi. Langizo la bambo aja silinali loti mwana adzipulumutse yekha. Mtsinje unali njira yopitira kwa anthu, ndipo anthu ndiwo anamunyamula m'bwato kupita naye kokalandira chithandizo. Ife timaphunzitsa ana athu, makamaka aamuna, kuti kulimba mtima ndi kusunga zinthu m'mimba. Chiphunzitso chimenechi chatilanda abale ambiri, ndipo ndimadana nacho. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, yomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu, kenako kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imachepetsadi nkhawa ndi kukhumudwa.

Sindikunena kuti kupuma bwino kulipira lendi, kapena kuti umphawi ndi nkhani ya m'mutu. Juliane naye sanachire tsiku limodzi. Maloto oopsa anamuvutitsa kwa zaka zambiri, ngakhale pambuyo pake anaphunzira nakhala katswiri wa mileme. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo ndi matenda ochizika. Ngati yanu yatha masabata ikukulandani tulo, chilakolako cha chakudya kapena mphamvu yogwirira ntchito, musadikire kuti itha yokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi mukafotokoze sabata ino.