Munda wa agogo wasanduka puloti

Munthu amene adadutsa msewu wa ku Mchinji zaka khumi ndi zisanu zapitazo, akafika pa Njewa lero akhoza kusokera. Pomwe padali chimanga ndi mtedza pali mipanda ya njerwa, mauvuni ofuka utsi ndi zikhomo zodulira mapuloti. Njira za ku Bunda, ku Likuni ndi ku Lumbadzi nazo zili chimodzimodzi.

Lilongwe adakhala likulu la dziko mu 1975. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 m'tauniyi, koma wa 2018 adapeza 989,318. Onsewa akufuna pogona, ndipo palibe angawanene. Chowawa n'chakuti mzindawu ukukulira pa nthaka yachonde imene yakhala ikudzaza nkhokwe za m'chigawo chapakati.

Wogula munda amabwera ndi ndalama m'manja, nthawi zambiri miyezi ya njala kapena fizi ikavuta. Banja ligula malata, njinga yamoto ya kabaza, mwina kubweza ngongole. Pakatha zaka ziwiri ndalama zija zatha, munda kulibe, ufa ndi wogula pa kawokala. Bambo amene ankakolola ngolo zake asanduka mlonda pa geti la nyumba yomwe yamangidwa pamunda pake pomwe. Anyamata akuumba njerwa, kukumba mchenga mumtsinje wa Lilongwe, kapena kutsika ndi makala kuchokera ku Dzalanyama.

Amayi ndiwo akulira kwambiri. Kwa Achewa munda umayenda kuchikazi, ndi wa mbumba. Komatu pogulitsa, okambirana mtengo kawirikawiri amakhala amalume, anyakwawa ndi madobadoba, pomwe mayi amene ankalima mundawo amangoona alendo akuyeza ndi chingwe.

Lamulo lilipo. La malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi. Limalolanso banja kulembetsa malo ake. Unduna wa za malo uyenera kufulumizitsa ntchitoyi m'midzi yozungulira mzinda muno, chifukwa ndi kumene minda ikutha msanga.

Khonsolo ya mzinda ndi ya boma la Lilongwe zikhale pansi zigwirizane malire: uku nyumba, uku minda. Madambo ndi madimba, kumene kumachokera mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi cha mumsika wa Lizulu ndi wa Wakawaka, asadulidwenso mapuloti.