Musanagule makina odzutsa mtima, funsani kaye za pulagi

Kuchokera pa Nkopola kukafika kuchipatala chachikulu pa boma la Mangochi pali makilomita opitirira 20. Kwa wodwala malungo kapena wothyoka mwendo, mtunda umenewu ndi wopiririka. Kwa munthu amene mtima wake wasiya mwadzidzidzi kupopa magazi, ndi kutali zedi. Akatswiri a matenda a mtima amati pa mphindi iliyonse imene yadutsa popanda womugwira, mwayi wake wotsitsimuka umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100. Ngakhale ambulansi itakhala ndi mafuta, dalaivala ali pompo, foni yayankhidwa itangolira, ikafika zonse zitatha. Amene angamupulumutse ndi amene ali naye pamchengapo: woperekera zakudya, mlonda, mnyamata wopalasa bwato, kapena mnzake amene wabwera naye kumsonkhano.

Ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo masiku ano ndimaitanidwa kukaphunzitsa chithandizo choyamba kwa antchito a m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja muno. Kale mafunso ankakhala a mabandeji, mabala a moto ndi kulumidwa ndi njoka. Tsopano mabwana amandikokera pambali kundifunsa za defibrillator, makamaka yaing'ono yonyamula m'manja imene imatchedwa AED. "Mayi, tigule yotani?" Ena amati mlendo wawalonjeza kuti adzawabweretsera kuchokera kwawo. Funsoli limandisangalatsa, koma yankho langa limawagwetsa ulesi. Ndimawauza kuti apite kaye kuchipatala kumene angathamangire ndi wodwala, akaone makina amene ali kumeneko ndi pulagi imene amalandira.

Nthawi zambiri mtima ukalephera mwadzidzidzi sikuti wangoti zii. Umayamba wanjenjemera chisawawa, magazi osayenda. AED imamvetsera mtimawo kudzera m'mapadi awiri omata pakhungu, lina kumtunda kwa chifuwa chakumanja, lina m'nthiti za kumanzere m'munsi mwa khwapa. Ikapeza kunjenjemera koteroko imatulutsa mphamvu ya magetsi yothetsa chisawawacho kuti mtima uyambirenso kugunda mwadongosolo. Okonda mpira anadzionera okha pa 12 June 2021, pamene Christian Eriksen anagwa m'bwalo ku Copenhagen pamasewero a Denmark ndi Finland. Anamutsindika pachifuwa, anamudzutsa ndi makinawa pomwepo, ndipo patapita miyezi anabwerera m'bwalo.

Chimene sitinaone pakanema ndi nthawi yopatsirana wodwala. Woyamba kufika wamata mapadi ake. Kenaka afika a ambulansi, kapena wodwalayo wafikitsidwa kuchipatala kumene kuli makina aakulu oonetsa kagundidwe ka mtima. Mapadi ali kale pachifuwa, pamalo oyenera. Chotsala n'kungozula chingwe ku AED n'kuchilowetsa ku makina aakuluwo, ntchito ya masekondi ochepa. Koma kampani iliyonse inapanga pulagi yakeyake. Ya Philips silowa mu ZOLL, ya ZOLL silowa mu LIFEPAK. Tonse tikuudziwa mkwiyo wobwereka tchaja foni ikuthima, n'kupeza kuti pini yake ndi ina. A European Union anathana nalo vuto la mafonili polamula kuti kuyambira pa 28 December 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kumeneko azilandira USB-C. Makina a mtima sanawaikire lamulo lotero, ndipo makampani sakudandaula, poti wogula makina awo amakhala kasitomala wa mapadi awo mpaka makinawo atatha ntchito.

Pulagi ikakana, namwino ayenera kumatula mapadi oyamba, kupukuta chifuwa, kung'amba paketi ina, kumata atsopano. Kumayiko kumene ambulansi imabwera ndi gulu la anthu, wina amapitiriza kutsindika pachifuwa pamene mnzake akusintha mapadi. Kwathu kuno kawirikawiri imabwera ndi dalaivala ndi namwino mmodzi. Manja akachoka pachifuwa, magazi opita ku ubongo amaimanso, n'chifukwa chake malangizo amati kulekeza kusapitirire masekondi 10. Tsono mapadi amagwira ntchito kamodzi kokha. Kutaya awiri abwinobwino n'kutsegula ena, ngati enawo alipo n'komwe, ndi kutaya ndalama zakunja zimene dziko lino likuzisaka ndi nyali.

Kudziwa dzina la kampani pakokha sikukwanira. Pa dzina la Philips lomwelo pali makina otchedwa HS1 amene mapadi ake amakhala m'kabokosi kolowa m'makinamo, osati pachingwe cha pulagi yoti n'kuisamutsira kwina. Palinso ena otchedwa FRx amene ali ndi pulagi, ndipo pali maadaputa owalumikizira ku makina a makampani ena. A HeartSine anaphatikiza batire ndi mapadi kukhala chinthu chimodzi, kotero kuti chikatha ntchito umasintha zonse. Munthu wogula pa intaneti poona mtengo wotsika sangazione zimenezi pachithunzi.

Pamalo ena ogona alendo, amene sindiwatchula, anandionetsa monyadira kabokosi kopachikidwa kukhoma kuseri kwa tebulo lolandirira alendo, moyang'anizana ndi zenera lolowa dzuwa la masana. Anati ndi mphatso ya mlendo wina wokoma mtima. Nditatsegula ndinapeza kuti tsiku lolembedwa papaketi ya mapadi linapita kalekale. Ndinang'amba paketiyo pamaso pawo: zomatira zake zinali zitauma, padi silinkagwira ngakhale padzanja. Ndinadina batani, makina osayaka.

"Batire ili kuti, achimwene?"

Mnyamata wa pakauntala anatsegula dirowa n'kuitulutsa. "Kamakinaka kankalira usiku, mayi. Alendo ankadandaula, ndiye tinachotsa."

Kulira kumeneko kunali kuchenjeza kuti china chake chatha ntchito. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Palibe anamuuza, buku lake linali m'chilankhulo chimene sachidziwa, wopereka mphatsoyo anabwerera kwawo, ndipo panalibe wodziwa kogula mapadi a mtundu umenewo. Mapadi ambiri amakhala zaka ziwiri mpaka zisanu osatsegulidwa, malinga ndi kampani, ndipo kutentha kwa Mangochi m'mwezi wa October sikuwachitira chifundo, makamaka akasiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anawerengera zipangizo za m'zipatala zopitirira 100,000 m'mayiko osauka, ndipo anapeza kuti pafupifupi 38 pa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'chipatala chathu akuchidziwa chipinda chija chosungiramo mphatso zakufa. Onjezani ichi: mu 2022 kampani ya Philips inachenjeza ogula ake kuti zomatira za mapadi ena a HS1 zikumatuka. Chenjezo lotere limapita kwa amene dzina lake lili m'kaundula wa ogula. Makina obwera m'sutikesi ya mlendo, uthengawo ukawapeza bwanji pa Nkopola?

Ndikudziwa zimene ena anene. Zipatala zikusowa mankhwala a BP, ambulansi zikugona chifukwa cha mafuta, abale akunyamula odwala pa kabaza, inu mukutiuza za pulagi? N'zoona, ndipo nditapatsidwa ndalama zochepa kuti ndisankhe, ndingayambe ndi kuphunzitsa manja. Kutsindika pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6, sikulira ndalama zakunja. Ndipo kunyanja kuno pali chinthu chimene wogulitsa makina sangakuuzeni. Munthu womira m'madzi, mtima wake umaima chifukwa chosowa mpweya, ndiye chimene akusowa koyamba ndi kumupumira mkamwa pamodzi ndi kumutsindika pachifuwa. Kawirikawiri AED ikamumvetsera imanena kuti magetsi sakufunika. Msodzi amene bwato lamugudubuzikira ndi mwera adzapulumuka ndi anzake odziwa kumupumira, osati ndi kabokosi ka pakhoma la hotela. Mukamumatabe mapadi, mupukuteni kaye chifuwa. Makinawa amalankhulanso Chingerezi, pamene padoko anthu akukuwa m'Chiyao ndi m'Chichewa, choncho wosaphunzitsidwa sapindula ndi mawu ake.

Koma makinawo akubwerabe, tifune tisafune. Pa Nkopola pamachitikira misonkhano ya mabwana a zaka zawo, ambiri a iwo a shuga ndi BP. Pachitikirapo zikondwerero zokoka anthu zikwizikwi ngati Lake of Stars. Alendo akunja amafunsa ngati malo ali ndi AED asanalipire chipinda. Mwini malo aliyense kuyambira pano mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear adzagula yake payekha, kwa wogulitsa amene wamupeza, ndipo pakadzatha zaka zochepa gombe lonseli lidzakhala ndi mapulagi a mitundumitundu.

Boma linayesa kale ntchito ya ambulansi zangozi pamsewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ndi thandizo la World Bank, pa nambala yaulere ya 118. Tsiku limene ntchito yotere idzafike pamsewu wa kunyanja, ambulansi zake zidzabwera ndi makina ogulidwa pa tenda ku Lilongwe, ndi anthu amene sanaonepo zimene zapachikidwa m'mahotela athu. Mayiko olemera anagula kaye n'kumadzalimbana ndi maadaputa pambuyo. Ife tachedwa, makina akadali owerengeka, ndiye tikhoza kugwirizana tisanawononge ndalama.

Sizikufuna lamulo la ku Nyumba ya Malamulo. Ofesi ya zaumoyo ku khonsolo ya Mangochi, mothandizana ndi a Physical Assets Management amene amayang'anira zipangizo za m'zipatala mu Unduna wa Zaumoyo, ilembe tsamba limodzi lonena makina amene zipatala ndi ambulansi za m'boma lino zili nawo, ndi mapadi amene amalowamo. Tsambalo lifike kwa eni malo ogona alendo, mipingo, makampani a nsomba ndi mabungwe opereka mphatso. Wobwera ndi mphatso ya mtundu wina tisamubweze, koma abwere ndi adaputa yake, mapadi apadera, a ana omwe, ndi dzina la wogulitsa amene tingamupeze ku Malawi kuno kapena ku South Africa. Adaputayo imangiriridwe ku makina aakulu a mu ambulansi, isakhale m'dirowa ya munthu amene wapita kutchuthi ndi kiyi. Eni malo akagula mtundu umodzi angathenso kuitanitsa mapadi pamodzi, n'kumabwerekana wina akagwiritsa ntchito ake. Oyendera malo ogona alendo amawerenga kale tsiku pa chozimitsira moto. Kuwerenganso la papaketi ya mapadi sikungawatengere mphindi.

Amene muli nawo kale makinawa musadikire khonsolo. Atsitseni pakhoma, muone ngati kanyali kake kakuthwanima, muwerenge tsiku la pa batire ndi la pa mapadi, muwachotse padzuwa. Kenaka jambulani pulagiyo pafoni, mupite nacho chithunzicho kwa namwino wamkulu wa chipatala chimene muli nacho pafupi, mukamufunse ngati ingalowe m'makina ake.