Musagulitse mbuzi chifukwa cha mbulu wa khansa musanayezetse

Masiku apitawa omvera angapo a m'midzi ya m'malire, a ku Mandimba ndi kutsidya kwa Chiponde, atifunsa za mankhwala akumwa a khansa otchedwa erlotinib, amene ena amawadziwa ndi dzina lamalonda loti Tarceva. Mafunso awo ndi ofanana. M'bale wawo amene ali ku Joni wamva kuti kuli mbulu wochiza khansa ya m'mapapo, ndipo akuti banja lisonkhe ndalama awutumize. Ine maganizo anga ndi akuti ndalamazo ziyambe zagwira ntchito yoyezetsa wodwalayo.

Mankhwalawa ndi enieni, si achinyengo. Ku America anawavomereza mu 2004 kuti azithandiza odwala khansa ya m'mapapo, ndipo mu 2005 anawavomerezanso pa khansa ya kapamba, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Ubwino wake ndi woti munthu amamwera kunyumba, mbulu umodzi patsiku, osagona m'chipatala ndi diripi pamkono. Kwa mlimi wa ku Metangula kapena Cobué, amene chipatala chachikulu chili naye kutali, zimenezi nzokopadi.

Koma tamvani mmene amagwirira ntchito. Pa maselo a thupi lathu pali kachinthu kotchedwa EGFR kamene kamauza selo kuti likule ndi kuswana. Mwa odwala ena kachinthuka kamasokonekera nkumangolamula kuswana osaleka, ngati mpopi wothyoka. Erlotinib amatseka mpopi umenewu. Choncho amathandiza kwambiri munthu amene khansa yake ya m'mapapo inayamba chifukwa cha kusokonekera kumeneku. Ku Ulaya anthu otere ndi mmodzi kapena awiri pa odwala khumi alionse; ku maiko a kum'mawa kwa Asia ndi ochulukirapo, ndipo kawirikawiri amakhala amayi ndi anthu amene sanasutepo fodya. Kwa otsalawo mbuluwu suchita zambiri, ndipo nchifukwa chake mu 2016 America inalamula kuti pa khansa ya m'mapapo uziperekedwa kwa okhawo amene ayezedwa nkupezeka ndi vutoli. Ngakhale kwa amene wawayanja, nthawi zambiri khansa imayambanso kukula pakatha pafupifupi chaka. Umatalikitsa moyo ndi kuchepetsa befu, koma suchiziratu.

Pa khansa ya kapamba ndiye tinene zoona. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007, wa odwala 569, anaonetsa kuti amene analandira erlotinib pamodzi ndi mankhwala a m'diripi a gemcitabine anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 6.2, pamene amene analandira gemcitabine yekha anakhala miyezi 5.9. Kusiyana kwake ndi masiku khumi kapena kupitirira pang'ono. Banja limene likuganiza zogulitsa munda liyenera kumva nambala imeneyi lisanaitane wogula.

Vuto lathu lalikulu kuno ku Niassa limayambira patali, mbulu usanatchulidwe nkomwe. Munthu akamatsokomola kwa nthawi yaitali, kuonda, kulavula magazi, tonse timati ndi chifuwa chachikulu, ndipo kawirikawiri timakhoza, pakuti TB ndi yofala pakati pathu. Koma khansa ya m'mapapo imabweranso ndi zizindikiro zomwezo. Amalume anga anamwa mankhwala a TB miyezi 6, osasintha, nkuwayambitsanso kachiwiri, ngakhale makhololo awo sankaonetsa kachilombo. Pamene anthu anayamba kuganiza za khansa anali atatheratu. Sindikuloza chala munthu, ifenso achibale sitinafunse kanthu. Tinkaona ngati kufunsa dokotala nkumuderera.

Ndiye ngati bambo kapena mayi anu amwa mankhwala a TB mokhulupirika kwa miyezi iwiri koma sakupeza bwino, makamaka ngati makhololo sanaonetse kachilombo, bwererani nawo ku chipatala mukafunse ngati sangakhale matenda ena. Pemphani kalata yopita ku Hospital Provincial de Lichinga kuti akajambulidwe pachifuwa. Khansa imatsimikizika podula kanyama kakang'ono nkukayeza, ndipo mwina mungatumizidwe ku Nampula kapena ku Maputo; amene mumaoloka malire mumadziwa njira ya ku Mangochi mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ulendo wotere umadya ndalama. Ngati mbuzi iyenera kugulitsidwa, igulitsidwire thiransipoti imeneyi. Madala amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni ndi amene asuta chingambwe zaka zambiri asazengereze.

Kwa akuluakulu a zaumoyo ndili ndi pempho. Dziko la Mozambique lili ndi ndondomeko yolimbana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029. Ndondomekoyo ifike kuno kumpoto m'njira yooneka, kuti kanyama kotengedwa ku Lichinga kaziyezedwa msanga ndipo yankho lizibwera wodwala akadali ndi mphamvu. Mtengo wa mankhwalawa unatsika makampani a ku India monga Cipla atayamba kupanga awoawo mu 2008, koma kutsika mtengo sikuthandiza ngati sitikudziwa woyenera kumwa.

Ngati dokotala wakulemberani erlotinib mutayezedwa, mwerani m'mimba mopanda kanthu, ola limodzi musanadye kapena maola awiri mutadya. Totupa tonga ziphuphu kumaso ndi pachifuwa komanso kutsegula m'mimba zimachitika kawirikawiri. Kauzeni achipatala, musangosiya nokha, ndipo befu akakula mwadzidzidzi thamangani. Fodya amachepetsa mphamvu ya mankhwalawa m'magazi, chimodzimodzi mankhwala ena a zilonda za m'mimba monga omeprazole. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin, aja amafiiritsa mkodzo, amawafooketsa kwambiri, kotero amene akumwa a TB nkumamwanso mbulu wochokera ku Joni mobisa akungotaya ndalama. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba, mukawaonetse dokotala tsiku loyamba lomwelo.